Ndalama za pa webusayiti: ziwerengeni kaye musanaike zotsatsa

Limbani (woyang'anira gulu):
Moni nonse. Funso limene likumabwerabwera pagulu pano ndi lakuti, munthu ali ndi webusayiti, akulembapo nkhani, anthu akubwera kudzawerenga, ndiye ndalama zimalowera pati? Ambiri akumathamangira kuika zotsatsa malonda za Google owerenga asanachuluke, kenako n'kumadandaula kuti miyezi yatha palibe chalowa. Amene mukuidziwa ntchitoyi tafotokozani bwinobwino njira zake ndi pamene anthu amapunthwa. Chonde tisaponye malinki a mawebusayiti athu muno.

Mphatso:
Zikomo a Limbani. Ndiyambe ndi masamu, chifukwa ndi amene anthu amawathawa. Makampani a zotsatsa amayeza ndi RPM, ndalama zimene mumapeza masamba anu akatsegulidwa ka 1,000. Mumatenga ndalama zimene mwapeza, kugawa ndi kuchuluka kwa maulendo amene masamba atsegulidwa, n'kuchulukitsa ndi 1,000. Tingoyerekeza kuti masamba anu atsegulidwa ka 10,000 pamwezi ndipo RPM ndi madola 2. Mwapeza madola 20. AdSense, pulogalamu ya Google yoika zotsatsa pamawebusayiti, salipira ndalama zisanakwane madola 100, ndiye kuti mudikira miyezi 5 kuti mulandire koyamba. Mukachotsapo ya domeni (dzina la webusayiti) ndi ya hosting (malo osungirako webusayitiyo), mwina simutsala ndi kanthu.

RPM imasiyana kwambiri. Imadalira dziko limene owerenga ali, chifukwa otsatsa amapikisana kwambiri pa anthu amene ali ndi ndalama zogulira. Imadaliranso nkhani: za inshuwalansi, ngongole ndi mapulogalamu a bizinesi zimalipira bwino kuposa nthabwala ndi mphekesera za anthu otchuka. Nyengo nayo imasintha zinthu. Mu Novembala ndi Disembala otsatsa amawononga zambiri, mu Januwale RPM imagwa, ndipo ongoyamba amaganiza kuti china chake chawonongeka pamene zimatero chaka chilichonse.

Thokozani:
A Mphatso mwayamba bwino. Koma pali chimene chimagwetsa anthu asanafike n'komwe pa RPM. AdSense ili ndi mndandanda wa zilankhulo zimene imalola, ndipo Chichewa palibepo. Ngati nkhani zambiri za pa webusayiti zili m'chilankhulo chimene sichili pamndandandawo, pempho lanu lolowa mu AdSense likanidwa, kaya nkhanizo n'zabwino chotani. Ena amamasulira nkhani zingapo ndi makina n'kuziika patsogolo kuti owunika azione. Sizithandiza, chifukwa lamulolo limagwira ntchito nthawi yonse imene khodi ya zotsatsa ili patsamba, osati tsiku lofunsira lokha.

Amene chilankhulo chawo n'chololedwa akonze izi asanafunsire. Mwini akaunti akhale wa zaka 18 kapena kuposa. Webusayiti ikhale yoti mungathe kulowetsamo khodi ya AdSense. Pakhale tsamba lofotokoza zimene mumachita ndi zinsinsi za owerenga, lotchula kuti pali ma cookie a zotsatsa, timafayilo timene timasungidwa pafoni kapena pakompyuta ya wowerenga. Chotsani masamba opanda kanthu: magulu a nkhani amene mulibe nkhani ngakhale imodzi, ndi kankhani kaja ka "Hello world!" kamene WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti, imabwera nako. Anthu amakaiwala pomwepo miyezi yambiri.

Uthenga wokana umene ambiri amalandira ndi wakuti "Low value content". Google sinaikepo chiwerengero cha nkhani zofunika, choncho amene amati lembani 20 kapena 30 akungonena maganizo awo. Vuto nthawi zambiri limakhala nkhani zokopera kwina n'kusintha mawu awiri atatu, kapena nkhani za ndime ziwiri zosayankha funso lililonse.

Chifundo:
Ine ndikutsutsa kuti munthu ayambire pa zotsatsa. Webusayiti yaing'ono ingapeze zambiri kudzera mu komishoni, kutanthauza kuti mumaika linki yapadera ya sitolo ya pa intaneti, wowerenga akadina n'kugula, inu mumalandira gawo. Tiyeni tiwerengenso mongoyerekeza. Nkhani yofotokoza kusiyana kwa makina awiri osokera yawerengedwa ndi anthu 1,000. Anthu 50 adina linki, awiri agula makina a madola 200, komishoni ndi 3 pa 100 iliyonse. Mwapeza madola 12 pa owerenga 1,000, pamene zotsatsa za achimwene Mphatso zija zikanakupatsani madola 2.

Chinsinsi chake chili pa zimene wowerenga wabwerera. Munthu amene walemba pa Google kuti "mbiri ya makina osokera" sagula kanthu. Amene walemba dzina la makina awiri n'kufunsa kuti abwino ndi ati, ndalama ali nayo kale m'thumba. Nkhani khumi zoyankha munthu wachiwiriyu zimaposa nkhani 100 zoyankha woyamba uja.

Mayamiko:
Achemwali Chifundo, masamu anuwo ndi oona, koma mwasiya malamulo amene amatseketsa maakaunti. Nditenge Amazon Associates, pulogalamu ya komishoni ya sitolo ya Amazon, poti ndi imene ambiri amaidziwa. Mukalembetsa, amakupatsani masiku 180 kuti mugulitse katundu katatu. Mukalephera, pempho limatsekedwa. Ndiye kulembetsa webusayiti isanakhale ndi owerenga n'kuwononga mwayi. Linki yawo imakumbukira wodina kwa maola 24 okha. Akagula mkuja, komishoni palibe, pokhapokha ngati anaika katunduyo m'basiketi mkati mwa maola 24 aja. Simuloledwa kugula nokha kudzera pa linki yanu. Simuloledwanso kulemba mtengo ndi dzanja m'nkhani, chifukwa mitengo imasintha, imafunika kuchokera ku zida zawo zimene zimausintha zokha.

China n'chakuti sitolo ya dziko lililonse ili ndi pulogalamu yakeyake. Linki ya amazon.com sikupatsani kanthu wowerenga akapita kukagula pa amazon.co.uk, pokhapokha mutalembetsa konse n'kulumikiza maakauntiwo. Ndipo ngati owerenga anu ali kumalo kumene sitoloyo situmiza katundu, adina mpaka kutopa koma palibe agule. Tsegulani Google Analytics kapena Search Console, zida za Google zoonetsa ziwerengero za owerenga, muone mayiko atatu oyambirira kumene owerenga amachokera, kenako musankhe pulogalamu imene imagulitsa kumeneko. Ndalama zake nazo zimachedwa: Amazon imalipira patapita masiku pafupifupi 60 mwezi utatha, ndipo wogula akabweza katundu komishoni imachotsedwa.

Chifundo:
Zoona a Mayamiko, ndipo ndi chifukwa chake ndimati osangoyang'ana Amazon. Makampani a hosting, a mapulogalamu ndi a maphunziro a pa intaneti ali ndi mapulogalamu awo, ndipo poti satumiza katundu wogwirika, dziko la wowerenga silivuta kwambiri. Ena amalipira mwezi uliwonse umene kasitomala akupitiriza kulipira. Musanalowe werengani zinthu zinayi m'pangano: linki imakumbukira masiku angati, ndalama zochepetsetsa zimene amatulutsa, njira imene amalipirira, ndi ngati amabweza komishoni kasitomala akasiya msanga.

Ndipo uzani owerenga poyera, pamwamba pa nkhani, kuti mumalandira komishoni. Osabisa m'munsi ndi timalemba ting'onoting'ono. Mayiko ambiri amafuna zimenezi mwalamulo, Amazon nayo imafuna, koma ngakhale pakanapanda lamulo, wowerenga akadziwa yekha kuti munamubisira sakhulupiriranso chilichonse chimene mwayamikira.

Tadala:
Funso kwa akuluakulu. Nanga ngati munthu wauza anzake ndi abale kuti azidina zotsatsa pang'onopang'ono, aliyense pafoni pake, Google ingadziwe bwanji?

Mphatso:
A Tadala, musayese n'komwe. Google siyang'ana foni yokha. Imaona kuti anthu omwewo akubwera tsiku lililonse, akudina asanawerenge, akatsegula tsamba la wotsatsa akutuluka nthawi yomweyo, ndipo palibe amene akugula. Imaonanso kuti pa anthu 100 odina achuluka mosagwirizana ndi mawebusayiti ena ofanana ndi anu. Chotsatira chake chimayamba ndi kuchepetsa zotsatsa zooneka patsamba, kenako kuchotsa ndalama, mapeto ake kutseka akaunti. Akaunti ikatsekedwa pa chifukwa chimenechi, ndalama zimene zinalimo zikhoza kubwezedwa kwa otsatsa, ndipo munthuyo saloledwa kutsegula ina.

Komanso phindu lake n'lochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Mu Novembala 2023 Google inalengeza kuti AdSense isiya kulipira potengera kudina, iyamba kulipira potengera kuonedwa kwa chotsatsa, ndipo zinasintha kumayambiriro kwa 2024. Mwini webusayiti amalandira pafupifupi 68 pa 100 iliyonse ya zimene wotsatsa walipira kudzera ku Google Ads.

Magulu a WhatsApp ndi Telegram osinthana kudina ndi msampha womwewo. Kugula owerenga kwa anthu olonjeza masauzande pamtengo wochepa nakonso, chifukwa ambiri mwa owerengawo ndi makina.

Thokozani:
Pali kudina kwina kolakwika kumene mwini webusayiti amachititsa osadziwa. Chotsatsa chikakhala pafupi kwambiri ndi batani lotsitsira fayilo kapena lopitira patsamba lotsatira, chala cha munthu pafoni chimachigunda mwangozi. Siyani mpata woonekeratu. Musalembe pamwamba pa chotsatsa mawu ngati "tithandizeni podina apa" kapena kuikapo muvi. Musachipangenso kuoneka ngati mbali ya menyu.

Za malipiro, anthu amasokoneza ziwerengero ziwiri. Zimene mumaona tsiku ndi tsiku n'zongoyerekeza. Zenizeni zimatsimikizidwa kumayambiriro kwa mwezi wotsatira atachotsa zokayikitsa, ndipo zimatumizidwa pakati pa 21 ndi 26 ngati zakwana madola 100. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Musakonze bajeti ndi nambala ya padashibodi.

Ndalama zikafika madola 10, Google imatumiza PIN papepala kudzera ku positi ku adiresi imene munalemba. Muli ndi miyezi 4 yoti muilowetse, apo ayi zotsatsa zimasiya kuoneka. Lembani adiresi imene kalata imafikadi. Dzina la pa akaunti lifanane ndendende ndi la pa chitupa chanu ndi la ku banki, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chimatha kuimitsa malipiro. Munthu mmodzi, akaunti imodzi: mawebusayiti ena onse mumawaonjezera m'akaunti yomweyo.

A Nabanda:
Ana anga, mwakamba zambiri za Google ndi Amazon, koma onsewa ndi apakati amene amadyapo gawo. Webusayiti ya owerenga ochepa koma amtundu umodzi ikhoza kugulitsa malo otsatsira yokha. Ngati imakamba za kuweta njuchi ndipo imawerengedwa ndi anthu 3,000 pamwezi, kwa Google ndi yaing'ono, koma kwa wogulitsa ming'oma ndi zovala zokololera uchi, amenewo ndi makasitomala ake enieni. Apa chilankhulo sichivutanso, chifukwa mndandanda wa Google uja sukukhudzani.

Konzani pepala limodzi lokhala ndi chiwerengero cha owerenga cha miyezi itatu yapitayi, kumene amachokera, angati amawerengera pafoni, nkhani zisanu zowerengedwa kwambiri, malo otsatsira ndi kukula kwake. Kukula kodziwika ndi 300 kwa 250 m'kati mwa nkhani, 728 kwa 90 pamwamba pa kompyuta, ndi 320 kwa 50 pafoni. Musakokomeze ziwerengero. Wotsatsa wanzeru amapempha chithunzi cha Analytics.

Pangano lilembedwe, ngakhale pa imelo: tsiku loyamba, tsiku lomaliza, malo ake, mtengo, ndi amene akonze chithunzi. Landirani theka kapena zonse chotsatsa chisanakwere. Chimene chimavuta kawirikawiri n'chakuti chotsatsa chakhala mwezi wonse, wotsatsa akuti sanaone phindu, ndipo akukana kulipira. Muzigulitsa malo ndi nthawi, osalonjeza kuti katundu wake ayenda. Mupatseni linki yokhala ndi zizindikiro za UTM, zosonyeza kumene wodina wachokera, kuti aone yekha anthu amene achokera kwa inu.

Mayamiko:
Mayi Nabanda mwanena zenizeni. Ndingowonjezera chenjezo. Webusayiti ikayamba kuoneka pa Google, maimelo amayamba kubwera a anthu ofuna kukulipirani kuti muike nkhani yawo yokhala ndi linki. Ambiri safuna owerenga anu, akufuna kuti linkiyo ikweze webusayiti yawo pa Google. Kugulitsa linki yotero n'kuphwanya malamulo a Google, ndipo webusayiti yanu ndi imene imatsitsidwa. Linki iliyonse yolipiridwa, kuphatikizapo ya komishoni, ikhale ndi chizindikiro m'khodi yake chouza Google kuti isaiwerengere pokweza webusayiti, cha rel="sponsored", chimene Google inayambitsa mu Seputembala 2019, kapena rel="nofollow". Mukawauza zimenezi, ambiri amangosowa, ndipo mwadziwa chimene amafuna. Za juga ndi mankhwala osadziwika muzizikana ngakhale ndalama yake ikhale yokopa.

Kondwani:
Palibe amene watchula liwiro, pamene ndi pomwe ndalama zimatayikira mwakachetechete. Google imayeza zinthu zitatu. Chinthu chachikulu patsamba chioneke pasanathe masekondi 2.5. Tsamba liyankhe munthu akadina pasanathe mamilisekondi 200. Ndipo kudumphadumpha kwa tsamba kusapitirire 0.1. Onani zonsezi kwaulere pa PageSpeed Insights, ndipo muziyang'ana zotsatira za foni.

Chimene chimalemetsa kwambiri ndi zithunzi. Chithunzi chochokera pafoni chimatha kukhala cha ma MB 4, mulifupi mapikiselo 4,000, pamene patsamba chikuoneka pamalo osakwana 800. Chichepetseni chifike 1,200, chisungeni ngati WebP (mtundu wa fayilo ya chithunzi wopepuka), chitsika kufika pansi pa ma KB 200 osaoneka kusintha ndi maso. Nkhani ya zithunzi zisanu ndiye kuti yachoka pa ma MB 20 kufika pa MB imodzi. Wowerenga amene akuwerengera bandulo yake amaona kusiyanako.

Kudumpha kumabwera chonchi: munthu wayamba kuwerenga ndime yoyamba, chotsatsa chafika mochedwa n'kukankhira mawu onse pansi, chala chimene chimapita pa linki chagwera pachotsatsa. Mwakhumudwitsa wowerenga, mwapanganso kudina kwangozi kumene a Thokozani anena. Mankhwala ake n'kusungiratu malo a chotsatsa mu CSS (khodi yokonza maonekedwe a tsamba), kupereka msinkhu wake, kuti bokosilo likhalepo chotsatsacho chisanafike. Mukayatsa Auto ads, njira imene AdSense imadzisankhira yokha poika zotsatsa, lowani m'makonzedwe muchepetse kuchuluka kwake, chifukwa mukazisiya zokha zimatha kudzaza nkhani yaifupi mpaka mawu osaoneka.

Musaiwale fayilo ya ads.txt, yosonyeza amene ali ndi chilolezo chogulitsa malo otsatsira pa webusayiti yanu. Imakhala pamizu pa domeni, mzere umodzi wokhala ndi nambala ya akaunti yanu ya AdSense. Nambalayo ikalakwika, otsatsa amasiya kugula malo anu.

Tadala:
Nanga kulemba nkhani zambiri ndi AI kuti owerenga achuluke msanga? Ena akuti akutulutsa nkhani 50 patsiku.

Thokozani:
Mu Malichi 2024 Google inaika lamulo lolimbana ndi kutulutsa masamba ambirimbiri pofuna kungokwera pa zotsatira za kusaka, kaya alemba ndi makina kapena munthu. Chimene amaletsa si chida, koma masamba osawonjezera kanthu pa zimene zilipo kale. Ganizaninso izi, a Tadala: kuyambira Meyi 2024 Google inayamba kuika mayankho a AI pamwamba pa zotsatira. Funso lamba, longa tanthauzo la mawu, munthu amayankhidwa pomwepo osatsegula webusayiti iliyonse. Nkhani zimene makina angalembe m'mphindi imodzi ndi zomwezo zimene owerenga ake akuchepa. Zimene zimakokabe anthu ndi zoyesedwa ndi manja: zithunzi zanu za chinthucho, miyezo yeniyeni, chimene chinathyoka pakatha miyezi ndi chifukwa chake.

Kuti mudziwe choti mulembe, tsegulani Search Console, muone mawu amene anthu akusaka pamene tsamba lanu lili pakati pa nambala 8 ndi 20. Pamenepo Google yakuonani kale koma simunakwanitse kuyankha. Kukonza nkhani yakale yoteroyo kumabweretsa owerenga msanga kuposa kulemba yatsopano.

A Nabanda:
Ndipo owerenga amene abwera musawalole kungopita. Ikani bokosi lolembetsera imelo kumapeto kwa nkhani, ndi chifukwa chomveka cholembetsera, monga tchati chosindikiza kapena mndandanda wa zofunika pa ntchito imene akuwerengayo. Google ikasintha kasanjidwe kake owerenga n'kuchepa, amene ali pamndandanda wa imelo mumawafikirabe. Amenewa ndi amenenso amagula chinthu chanu: kabuku ka PDF, mafomu okonzedwa kale, maphunziro, kapena ola limodzi la upangiri. Anthu 20 ogula kabuku ka madola 5 akupatsani madola 100 omwe aja amene mukanadikira miyezi 5.

Koma yambirani kumapeto. Musanalembe kabukuko, fufuzani mmene mulandirire ndalama. Stripe, kampani yolandirira malipiro pa intaneti, sigwira ntchito m'mayiko onse, ndipo m'mayiko ena akaunti ya PayPal imatha kutumiza ndalama koma osalandira. Pezani njira imene ogula anu amagwiritsa ntchito kale, muone ngati ili ndi pulagini ya WooCommerce (chida chogulitsira zinthu pa WordPress), mufunse gawo limene amadula pa malonda alionse, ndipo muyese kugula nokha ndi ndalama yochepa kuti muone ngati fayilo ikufikadi kwa wogula.

Kondwani:
Pa maimelo, mayi, pali chaukadaulo chimodzi. Kuyambira Febuluwale 2024 Gmail ndi Yahoo zinakhwimitsa malamulo. Domeni yanu ikhale ndi SPF ndi DKIM, ndipo otumiza maimelo ochuluka, amene kwa Gmail ndi 5,000 patsiku, amafunikanso DMARC ndi njira yosiyira kulandira podina kamodzi. SPF, DKIM ndi DMARC ndi mizere yotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa inu, imene mumaika mu DNS (makonzedwe a domeni yanu), kampani yotumizira maimelo imakupatsani yoti mungokopera. Mukapanda kutero makalata amathera mu spam. Musatumizire anthu amene sanalembetse okha.

Ngati muli ndi owerenga a ku European Union kapena ku UK ndipo mukuonetsa zotsatsa za Google zotengera zokonda za munthu, kuyambira Januwale 2024 pamafunika uthenga wopempha chilolezo wochokera ku chida chovomerezedwa ndi Google. Mu AdSense momwemo muli chaulere, pagawo la Privacy & messaging.

Limbani (woyang'anira gulu):
Chimodzi chimene sindikufuna chitsale: domeni ilembetsedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu, osati ya amene anakupangirani webusayiti. Mukadzasemphana naye, iye ndi amene ali ndi makiyi. Yatsani kulipira kodzichitikira kokha, chifukwa domeni ikatha nthawi webusayiti ndi maimelo zimazima limodzi, ndipo ikakhalitsa wina akhoza kuigula. Sungani kope la webusayiti kwina kosiyana ndi kumene kuli hosting. Muzilembanso ndalama zonse zolowa ndi zotuluka, poti zimenezi ndi ndalama zokhomerapo msonkho malinga ndi malamulo a dziko lanu.

Tadala:
Ndamva. Funso lomaliza: kodi zotsatsa ndi malinki a komishoni zingakhale patsamba limodzi?

Chifundo:
AdSense imalola, a Tadala, koma muziona tsamba ndi tsamba. Pankhani yoyerekeza makina awiri ija, Google imaona kuti nkhaniyo ikukamba za makina osokera, ndiye imatha kuonetsa chotsatsa cha sitolo ina ya makina omwewo. Wowerenga akadina chimenecho, mwataya komishoni ya madola 6 posinthana ndi masenti. Pamasamba amene munthu wabwera kudzasankha chogula, chotsani zotsatsa. Mu Auto ads muli malo olembapo masamba amene simukufuna kuti zionekepo. Pamasamba ongophunzitsa, amene palibe chogula, zisiyeni. Mukasintha, dikirani mwezi wathunthu musanaweruze, ndipo muyerekeze ndalama zonse za tsambalo pa owerenga 1,000, za zotsatsa ndi za komishoni pamodzi, ndi za mwezi wam'mbuyo.